Kaphokoso ka m'Chitseko

Galimoto ija ndinadana nayo zaka makumi atatu, ndipo sindibisa. Inafika pakhomo pathu tsiku lina masana, yobiriwira mofwifwa, ikutsokomola utsi, amuna anga ali pa chiwongolero mano onse pamtunda. Inali itadutsa kale m'manja mwa anthu awiri. Woyamba sitikumudziwa. Wachiwiri anali mkulu wina wogulitsa nkhuku, ndipo fungo la nkhukuzo linatenga zaka ziwiri kuti lituluke m'mipando. Ine ndinaizungulira kamodzi, manja ali m'chiuno, n'kunena kuti, "Ndiye mwandibweretsera mkazi mnzanga." Dzina linakhala lomwelo. Ana athu awiri anakula akudziwa kuti pakhomo pali amayi awiri: wina amasoka zovala m'chipinda cha kutsogolo, wina amagona pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba, ndipo wokondedwa ndi wa pansi pa mtengoyo.

Amuna anga anali kalaliki, munthu wa malaya oyera ndi zolembera zitatu m'thumba la pachifuwa. Koma likafika Loweruka mukanati ndi munthu wina. Ankayala katoni pansi, n'kulowa chagada kunsi kwa galimoto, ndipo tsiku lonse ine ndinkangoona mapazi. Ndikafuna kuwauza kanthu ndinkalankhula ndi mapaziwo. Mwana watentha thupi, mapazi amva. Denga likudontha, mapazi amva. M'galimotomo anasinthamo chilichonse: mapulagi, lamba, mabuleki, ngakhale timipira ta m'mbali mwa magalasi. Chimodzi chokha ndicho chinawakanika, kaphokoso ka m'chitseko cha mbali yanga.

Kaphokosoko kanayamba sabata yoyamba yomweyo. Galimoto ikangonyamuka, m'kati mwa chitseko munkamveka kanthu: tiki, tiki-tiki, tiki. Pa msewu wosalala kankanong'ona, pa mabampu kankalongolola. Kanali pafupi ndi bondo langa, choncho wovutika nako ndinali ine.

"Bambo, kaphokoso aka mukachotsa liti?"

"Loweruka likubwerali, Singano."

Singano ndine. Palibenso wina padziko pano amene amandiitana choncho. Iwo ankati n'chifukwa cha ntchito yanga ya utelala, koma tonse awiri tinkadziwa kuti akunena lilime langali. Tsiku lina, atabwera ku ulendo wautali wa kuntchito, anandiuza kuti panjira sasungulumwa, chifukwa galimotoyo imalongolola ngati munthu wina wake amene amamudziwa. Ndinawagenda ndi silipasi. Maloweruka anadutsa osawerengeka, ana anakula n'kuchoka, imvi zinabwera, kaphokoso kali pompo. Anzanga ndinkawauza kuti amuna anga akhoza kumasula injini yonse n'kuimanganso atatsinzina, koma chitseko chimodzi chawachititsa manyazi.

Kuiwala kunayamba pang'onopang'ono. Poyamba anali makiyi. Kenako mayina a adzukulu. Ndiyeno m'mawa wina ndinawapititsira tiyi, iwo anaimirira, n'kulandira kapu ndi manja awiri mwaulemu wonse, n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, mayi. Kodi mwabwera kudzaona ndani?" Ndinabwerera kukhitchini n'kulira mpaka madzi amene ndinatereka anaphwa. Zaka makumi anayi ndi zisanu tili limodzi, lero ndine mlendo m'nyumba mwanga. Adokotala anatiuza dzina la matendawo, anatipatsa timapiritsi, koma anandiuzanso mosazungulira kuti matendawa sabwerera m'mbuyo.

Tsiku lina tikuchokera kuchipatala komweko, mwana wathu wamkazi ndiye ankayendetsa mkazi mnzangayo. Bambo ake anakhala kutsogolo, pa mpando umene kale unali wanga, ine ndili kumbuyo. Titangodutsa pa mabampu a pasukulu, anatembenuka n'kundiyang'ana ndi maso awo enieni, akale aja.

"Singano, wakhaliranji kumbuyo ngati katundu?"

Mwanayo anatsala pang'ono kugunda mpanda wa sukulu. Ulendo wonsewo anali iwo ndithu. Anafunsa ngati denga lidakadontha, anamudzudzula mwana wawo kuti akuchedwa kusintha giya, anandiseka kuti duku langa lapendama. Titafika pakhomo, injini itazima, ndinawaona akuchoka pang'onopang'ono ali chikhalire pa mpando. Potsika anandiweramira n'kunena kuti, "Zikomo, mayi."

Ndiye ine, nkhalamba ya imvi mbuu, ndinaphunzira kuyendetsa galimoto. Mwana wanga ankandiphunzitsira pa bwalo la mpira. Phazi langa linazolowera kupalasa makina osokera, choncho linkangopondaponda losapuma, mkazi mnzangayo n'kumadumpha ngati chule. Ndinamutukwana, iyenso anandizimira kangapo pakati pa anthu, koma pomaliza tinamvana, ndipo chiphaso ndinatenga.

Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse dzuwa likapendeka tinkanyamuka awiriwiri. Njira inali imodzimodzi: kutsika ndi msewu wathu, kudutsa pasukulu, kukhota pomwetsera petulo, kuwoloka mlatho wa pamwamba pa njanji, kulowa msewu wakale wa mitengo italiitali, n'kutembenuka pa chikwangwani chodzimbirira cha kumapeto kwa mitengoyo. Ulendo wonse unali wa mphindi makumi anayi, ndipo m'mphindi zimenezo ndinali munthu wapabanja. Kuwala kunkadutsa m'masamba n'kumagwa pa nkhope pawo, kuyaka, kuzima, kuyaka. Nthawi zina ankakhala ali m'chaka china. Ankatembenukira kumbuyo n'kuwauza ana kuti asiye kulimbana, ndipo ine ndikasuzumira pa galasi ndinkawaonadi anawo, awiri, timiyendo tosafika pansi, wamng'onoyo ali ndi chala m'kamwa. Tsiku lina tinali tisanakwatirane n'komwe, akundilonjeza nyumba ya mawindo anayi. Zaka zinkasakanikirana m'galimotomo ngati ulusi m'chitini changa, koma chaka chilichonse chimene agweramo, ine ndinalimo. Ndinkaganiza kuti chowadzutsa ndi kulira kwa injini, kapena fungo la mipando. Sindinafune kufufuza zambiri. Ndinkaopa kuti ndikachiyang'anitsitsa chithawa.

Lachiwiri lina tikukwera mlatho, kamuvi kosonyeza kutentha kanakwera mpaka pofiira, nthunzi n'kuyamba kufuka kunsi kwa boneti. Anthu odutsa anatithandiza kukankha mpaka kwa a Khutu.

A Khutu ndi makaniko wa kuseri kwa msika. Dzinalo analipeza chifukwa cha kagwiridwe kawo ka ntchito. Galimoto ikabwera, mwini wake samufunsa kanthu. Amatenga chitsulo chachitali, nsonga imodzi amakhudzitsa pa injini, inayo pa khutu, n'kutsinzina. Ndi munthu wodana ndi phokoso lililonse limene sakulidziwa gwero lake, moti m'galaja mwawo ngakhale wailesi mulibe. Injini itazizira anathira madzi, anailiza pang'ono, anamvetsera, n'kupukusa mutu.

"Pampu ya madzi yatha, mayi."

"Ndiye isintheni."

"Kusintha si nkhani. Nkhani ndi yakuti mtundu umenewu anasiya kupanga ana anu akadali pasukulu."

Anaimasula, anaipukuta ndi kansanza, n'kundiika m'manja. Inali yolemera ngati simbi yositira.

"Muziyenda nayo imeneyi," anatero. "Musakhulupirire nambala. Musakhulupirire munthu wokuuzani kuti n'zofanana. Muziziika pamodzi, yakale ndi imene akukupatsaniyo, n'kuwerenga mabowo a mabawuti. Apa alipo asanu, ndipo limodzi ili lapatuka pa mzere. Likapanda limeneli, musatenge."

Ndinaikulunga m'kansalu kotsala pa diresi la munthu, n'kuiika m'chikwama changa cha m'manja. Masiku khumi ndi awiri ndinayenda nayo. M'mawa uliwonse mwana wanga ankabwera kudzakhala ndi bambo ake, ine n'kulowa m'tauni. Msewu wa masitolo a masipeyala ndinautha wonse, mbali iyi ndi mbali iyo. Ndikamasula kansalu kanga pa kauntala, ogulitsa ankaitanizana kuti adzaone. Wina anagogodagogoda pa kompyuta n'kunena kuti, "Mayi, galimoto yanuyi ngakhale kompyuta sikuidziwa." Wina anandilangiza kuti ndiigulitse kwa osula, akuti mungatuluke mbaula zabwino zisanu ndi imodzi. Wina, wa pakamwa potsekemera, anatulutsa pampu yonyezimira m'bokosi. Ndinaziika pamodzi. Mabowo anayi.

"Ikwana imeneyi, mayi, makaniko angoboola lina."

"Inu achimwene, ndikakusokerani malaya a mabatani asanu, mabowo anayi, n'kukuuzani kuti linalo mukaboole nokha ndi mano, mungavale?"

Anabweza pampu yake m'bokosi.

Kunyumba zinthu zinkaipiraipira. Amuna anga anasiya ngakhale kundifunsa kuti ndabwera kudzaona ndani. Ankangokhala pa windo la kukhitchini, kuyang'ana pansi pa mtengo, pamene panatsala banga lakuda la oyilo. Tsiku lina ndinawamva akumunong'oneza mwana wawo kuti, "Mayi amene akungozungulira m'nyumba munowa achoka liti?" Chakudya chochokera m'manja mwanga anayamba kuchikankhira kumbali. Usinkhu wangawu ndaona zambiri, koma palibe chinandiwawa ngati mbale imene ija ikukhwekhwerezedwa pa tebulo.

"Amayi, mukudzizunza," anatero mwana wanga. "Ngati nkhani ndi kuyenda, tiyeni tiwatenge pa galimoto yanga."

Tinayesa. Yake ndi yatsopano, ya mphepo yozizira m'kati, yoyenda mwakachetechete. Bambo ake anakhala chowongoka, manja pa mawondo, ngati akupita kukayankha mlandu. Tinadutsa pasukulu, pa mlatho, m'mitengo muja, osatulutsa liwu ngakhale limodzi.

Tsiku la khumi ndi chiwiri, m'kasitolo kamdima ka kumapeto kwa msewu, mkulu wina wa magalasi ochindikala anaitembenuza pampu yanga kawiri n'kunena kuti, "Izi simungazipeze kwa amoyo. Kwerani basi mpaka pamene imathera, mukafunse Mayi a Zitsulo, kumanda a magalimoto."

Ndinafikako dzuwa lili paliwombo. Kuseri kwa mpanda wa malata kunali dziko lina. Magalimoto anasanjikizana awiriawiri, atatuatatu, ena chagada, ena atatsamirana mapewa. Udzu unamera kudutsa m'mipando n'kutulukira pa mawindo. Agulugufe oyera ankalowa ndi kutuluka m'mabowo momwe kale munali nyali. Kutentha kunkachititsa mpweya kunjenjemera pamwamba pa malata, moti magalimoto onsewo ankaoneka ngati akupuma. Kunali zii. Mayi a Zitsulo ndinawapeza atakhala pa mpando wa basi pansi pa ambulera, mayi wojintcha, atavala ovolosi ya buluu, akusenda lalanje ndi mpeni. Pampu yanga anangoiponyera diso kamodzi.

"Mzere wachitatu, kuseri kwa lole yopanda mutu. Mchemwali wake ali kumeneko, wofiira. Tsogolani, ndikubwera ndi masipanala."

Ndinamupezadi. Nkhope yomweyo, nyali zozungulira zomwezo, koma wopanda matayala, atakhazikidwa pa njerwa, chomera choyanga chitalowa pa windo la kumbuyo n'kukulunga chiwongolero. Mtima unandigunda ngati ndakumana ndi wachibale kuchilendo. Mayi a Zitsulo atafika anakweza boneti n'kuyamba kulimbana ndi mabawuti odzimbirira. Ine miyendo inali itatopa, choncho ndinatsegula chitseko n'kukhala pa mpando wa kutsogolo, mbali yanga yakale. Pansi panali kansapato kamodzi ka mwana. Ndinakatola n'kukaika pa miyendo, ndikudzifunsa kuti mwini wake tsopano ndi wamkulu bwanji, ndipo ndani ankakhala pa mpando uwu n'kumadandaula za chiyani.

Tulo tinandiba. Galimoto yofiirayo inanyamuka pa njerwa zake n'kuyamba kuyandama pamwamba pa udzu, yopanda matayala choncho. Amuna anga anali pa chiwongolero, tsitsi lakuda bii, zolembera zitatu m'thumba. Tinadutsa pakati pa magalimoto akufawo, onse akutiyatsira nyali zimene analibe. Tinadutsa pamwamba pa mlatho, pamwamba pa mitengo, nyumba yathu ili pansi apo, zovala zili pa chingwe. Ndinkawalankhula, iwo osatembenuka. Ndinkadziwa kuti m'galimotomo mukusowa kanthu, ndinafufuza pansi pa mpando, m'chikwama, m'matumba, koma sindinadziwe chimene ndinkafuna.

"Mabowo asanu!"

Ndinadzidzimuka. Mayi a Zitsulo anali ataziika pamodzi pa denga la galimoto, yanga ndi ya mchemwali wakeyo. Ndinawerenga ndi chala. Asanu, ndipo limodzi lopatuka pa mzere. Anaizunguza ndi dzanja, inazungulira bwinobwino. Ndinawakumbatira mayiwo, gilizi yense n'kundipaka pa bulauzi, ndipo sindinadandaule.

A Khutu anatenga masiku awiri kumanga pampuyo. Nditapita kukatenga galimoto ndinawapeza akumwetulira, chinthu chimene sachitachita.

"Yachira, mayi. Ndakuikiraninso mbasela. Muizindikira panjira."

Ndinali pa changu, sindinafunse. Ndinaizindikiradi ndisanafike n'komwe pamsika: m'galimoto munali bata. Kaphokoso kaja kanali katapita. Ndinaseka ndekha, n'kumenya chiwongolero. Zaka makumi atatu za "Loweruka likubwerali," a Khutu athana nazo tsiku limodzi! Ndinafika pakhomo mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti amuna anga akangodzuka panjira, ndiwaseka mpaka atope.

Dzuwa litapendeka ndinawaveka malaya oyera, mwana wanga anawagwira dzanja mpaka pa mpando. Ndinaliza injini. Tinatsika ndi msewu wathu. Tinadutsa mabampu a pasukulu. Ndinkawaba ndi diso, kudikira kuti atembenuke. Tinakhota pomwetsera petulo, tinakwera mlatho. Palibe.

"Bambo, mwamuona mkazi mnzanga? Wachira."

Anandiyang'ana mwamantha.

"Mayi, mukunditengera kuti? Chonde ndibwezeni. Akazi anga akundidikira kunyumba."

Tinalowa m'mitengo muja, kuwala kukugwa pa nkhope pawo monga kale, koma nkhopeyo inali ya munthu wosochera. Kenako ndinaona dzanja lawo. Linali pa chitseko, pafupi ndi bondo, likupapasa, likusuntha pang'ono, likupapasanso. Anagogoda ndi chala kawiri n'kutchera khutu.

"Galimoto iyi si yanga," anatero, n'kuyamba kufunafuna chotsegulira.

Ndinaima pambali pa msewu n'kuwagwira mkono kuti asatsike. Dzanja lina lija linali likadali pa chitseko. Apo m'pamene ndinadziwa chimene ndinkafuna m'maloto muja. Sinali injini, silinali fungo la mipando.

M'mawa mwake a Khutu anandipeza ndili kale pa chipata cha galaja.

"A Khutu, anakutumani ndani?"

"Mayi?"

"Ndinakupatsani pampu. Pampu! Chitseko chinakulakwirani chiyani? Manja anuwo akamayabwa simungawaike m'thumba?"

Nkhope yawo inagwa. "Mayi, anthu amandithokoza ndikachotsa phokoso. Lija linkandilasa m'mutu pamene ndinkaiyesa panjira. Ndinati ndikuchitireni chabwino."

Ndinafuna kupitiriza, mawu ndinali nawo ambiri, koma m'malo mwake ndinangokhala pa tayala lakale n'kuwafotokozera zonse: za tiyi, za mbale, za mphindi makumi anayi, za dzanja lopapasa pa chitseko. Anamvetsera monga amamvetserera injini, atatsinzina. Nditamaliza anavula chipewa, n'kupita pakona pamene pali chitini chachikulu chotayamo tizitsulo. Anachikhuthulira pa chiguduli. Tinagwada tonse awiri n'kuyamba kusanthula manati, mabawuti othyoka, timasipuling'i. Patapita nthawi anatola kanthu n'kukapukuta pa ovolosi.

"Ndi aka."

Inali bobini. Kabobini kachitsulo, ka makina anga oyamba osokera, kakadali ndi ulusi pang'ono wodetsedwa ndi zaka. Ndinakazindikira nthawi yomweyo. Kanasowa sabata imene galimoto inabwera, tsiku limene ndinanyamula chitini changa cha ulusi pa miyendo popita kukayesa munthu diresi. Kayenera kuti kanagwera pa mpata wolowera galasi. Masiku amenewo ndinali ndi mabobini awiri okha, ndipo ndinasesa nyumba yonse, ndinakalipira ana, ndinawanena amuna anga kuti atengera ku zitsulo zawo. Koma chimene ndinkayang'ana tsopano sichinali bobiniyo. Pa bowo lake panali kawaya kofiira, kopotedwa bwino.

"Chinandidabwitsa ndi chimenecho," anatero a Khutu. "Sikanangogweramo ayi. Kanali komangirira. Pansi pa chitseko chija dzimbiri linadya kalekale, kakanagwera panjira zaka zambiri zapitazo. Munthu anatsegula chitseko, anakapeza, n'kukamanga pa chitsulo cha m'kati kuti kazilendewera. Ndipo waya uyu si woyamba. Pa chitsulopo pali zidutswa za mawaya ena atatu akale. Wina akadzimbirira, munthuyo ankaika wina."

Ndinaitembenuza bobini ija m'manja. Loweruka likubwerali! Wabodza wamkulu, kalaliki wa malaya oyera! Zaka zonsezo ine ndikuwanyoza kwa anzanga kuti chitseko chawakanika, iwo akutsegula chitsekocho ine ndili ku makina, kuona ngati waya akadali wolimba. Ndinapsa mtima, ndinaseka, kenako misozi inangoyamba yokha. A Khutu anayang'ana kumbali, n'kumakonza masipanala amene anali okonzeka kale.

"Tibwezeretse," ndinatero.

Kubwezeretsa sikunali kophweka monga ndinkaganizira. A Khutu anachotsa chophimba cha chitseko, anamanga bobini ndi waya watsopano, anatseka. Iwo anakhala pa chiwongolero, ine pa mpando wanga wakale, n'kuzungulira kuseri kwa msika kumene kuli maenje. Go, go, go.

"Si kameneka. Aka kakugogoda ngati mlendo."

Tinabwerera. Anafupikitsa waya. Ulendo wachiwiri kanangoti tiki kamodzi n'kukhala chete. Wachitatu kankalira mosalekeza ngati belu la njinga. Amakaniko anzawo anayamba kusuzumira, akudabwa kuona a Khutu, munthu amene moyo wake wonse wakhala akuthamangitsa maphokoso, akutuluka thukuta kufunafuna phokoso.

"Lero khutu ndi lanu, mayi," anatero. "Ine ndingokhala manja."

Ndinatsinzina n'kukumbukira. Zaka makumi atatu kali pa bondo langa, ndinkakadziwa kuposa nyimbo iliyonse. "Talikitsani pang'ono, ngati utali wa chikhadabo. Ndipo kasakhudze pansi." Anapinda waya, anatseka, tinanyamuka. Pa msewu wosalala, kanong'onong'o. Pa dzenje loyamba: tiki, tiki-tiki, tiki.

"Imani pomwepo," ndinatero. "Musakakhudzenso mpaka kufa kwanu."

Madzulo a tsikulo amuna anga anakana kukwera. Anagwira chitseko cha nyumba n'kunena kuti mayi awa anafuna kuwaba dzulo. Mwana wathu anawanyengerera nthawi yaitali, mpaka anavomera, koma anakhala kumphepete kwa mpando, kutali ndi ine. Ndinali ndi mantha. Panali patadutsa masiku khumi ndi asanu ndi limodzi chimvereni dzina langa, ndipo adokotala anali atanena kale kuti chimene chapita nthawi zina chimapitiratu. Ndinaliza injini.

Tinatsika ndi msewu wathu, kaphokoso kakunong'ona. Iwo ankayang'ana kutsogolo. Tinafika pa mabampu a pasukulu, ndipo ndinawakwera mofulumirirapo dala. Tiki-tiki, tiki, tiki-tiki. Mutu wawo unapendekera kumbali pang'ono. Pomwetsera petulo dzanja linatsika n'kukagona pa chitseko, ndipo ulendo uno silinapapase, linangokhala. Tinakwera mlatho, sitima ya katundu ikudutsa pansi pathu pang'onopang'ono. Tinalowa m'mitengo, kuwala kukuyaka ndi kuzima pa malaya oyera aja. Mapewa awo anatsika. Anatsamira bwinobwino pa mpando, n'kutulutsa mpweya wautali ngati munthu amene wavula nsapato zothina.

"Singano."

"Ee, bambo."

"Ukuchedwa kusintha giya. Ukumupweteka mnzakoyu."

Ndinasintha giya. Msewu sindinkauona bwino, ndinapukuta m'maso ndi mkono. Ndinali ndi zambiri zoti ndiwauze: za mabowo asanu, za mchemwali wofiira wa kumanda, za mawaya anayi amene ndinawagwira nawo bodza. Ndinatsegula pakamwa, koma nditawayang'ana, dzanja lili pa chitseko, kamwa ikumwetulira pang'ono, ndinaona kuti chinsinsicho n'chawo, ndipo mwina ndi chokhacho chimene chatsala chosawathawa.

"Bambo," ndinatero, mokalipa monga kale, "kaphokoso aka mukachotsa liti?"

Anayang'ana kunja pa windo kuti ndisaone nkhope yawo.

"Loweruka likubwerali, Singano."

Chikwangwani chodzimbirira chija chinafika, pamene timatembenukira masiku onse. Ndinayang'ana kamuvi ka petulo, kanali pakati. Sindinatembenuke.